Chitsime chikaphulika, sikelo isakhale m'manja mwa mwini chitsime

Zaka zingapo ndidakhala ndikukonza mijigo m'midzi ya ku Angónia ndi ku Tsangano, ndipo tsiku lomwe silichoka m'mutu mwanga ndi lija mapaipi adatipulumuka. Tinkawazula kuti tisinthe malabala a m'silinda. Chogwirira chidaterereka m'manja mwa mnyamata yemwe ndinkayenda naye, tidangomva phokoso likutsika m'dzenje mpaka kukathera m'madzi. Mapaipi anayi ndi silinda yomwe, zonse zili pa mamita 40, m'dzenje loti ngakhale mutu wa mwana sungalowe. Tidapita kwa wowotcherera zitsulo ku Ulónguè kukapangitsa mbedza. Yoyamba sidakole. Yachiwiri idakola, koma idataya katundu titangotsala pang'ono kumuona. Tidamangirira tochi kuchingwe, tidayesa kuunikamo ndi kalilole dzuwa lili paliwombo, konseko kungopapasa. Madzulo a tsiku lachitatu a mfumu adandiitanira pambali.

"Amisiri, tandiuzani zoona. Amayiwa asiya liti kutunga kudambo?"

"Mkuja, mfumu."

Ndidatchula tsiku lomwe mtima wanga unkafuna, pomwe manja anga sakadalikwanitsa. Mjigo udatulutsanso madzi patatha masabata atatu, ana awiri atagonekedwa kale kuchipatala ndi kutsekula m'mimba. A mfumu akadamva zoona madzulo aja, akadalamula kuti madzi a kudambo aziwiritsidwa kapena kuthiridwa Certeza. Poti ndidawauza kuti mkuja, anthu adati tipirire masiku awiriwa. Ndikamawerenga za ngozi ya chitsime cha mafuta cha Macondo ku America ndimakumbukira dzenje lija, ndipo ndimakumbukira kwambiri yankho langa.

Usiku wa pa 20 Epulo 2010, gasi adakwera m'chitsime cha mafuta cha Macondo chomwe kampani ya BP inkaboola pansi pa nyanja ya Gulf of Mexico, makilomita pafupifupi 66 kuchokera kugombe la Louisiana ku America. Gasiyo adafika pa chombo choboolera cha Deepwater Horizon, chomwe eni ake adali a Transocean, n'kuyaka. Mwa anthu 126 omwe adali pachombocho, 11 adafa, ndipo mitembo yawo sidapezeke. Chombo chidamira pa 22 Epulo. Paipi yomwe inkalumikiza chombo ndi chitsime idapindika n'kugwera pansi, mafuta akutuluka mong'ambikamo. Pakamwa pa chitsimecho padali pa mamita 1,500 pansi pa madzi, komwe munthu safika ngakhale atavala zotani. Kuli mdima wa ndiwe yani, kukuzizira, ndipo kulemera kwa madzi kungafinye galimoto ngati chitini. Ntchito yonse ankagwira ndi maloboti, owayendetsa ali m'sitima pamwamba, maso ali pa sikirini.

Pakamwa pa chitsime chotere amakhazikapo chitsekerero chachitsulo, chachitali ngati nyumba yosanjikizana kangapo, chomwe anthu a ntchitoyi amachitcha BOP. M'kati mwake muli mipeni yomwe, zinthu zikathina, imayenera kudula paipi n'kutseka chitsime. Ndicho chiyembekezo chomaliza cha aliyense wogona pachombo. Ofufuza adapeza kuti paipi idakhota n'kuchoka pakati, mipeni idangoiluma osaimaliza. Simenti yomwe kampani ya Halliburton idathira pansi pa chitsime nayo sidagwire. Ndipo poyesa chitsime madzulo omwewo, geji yoyezera mphamvu ya m'chitsime idasonyeza kuti china chake sichili bwino, koma oyang'anira adadzipezera chifukwa chokhulupirira kuti geji ikunama. Ntchito idali itachedwa kale ndi masabata angapo, tsiku lililonse likudya ndalama zankhaninkhani.

Zomwe zidatsatira mmisiri aliyense wa mijigo angazizindikire, kungoti chilichonse chidali chachikulu. Adayamba ndi kutumiza maloboti kuti akatseke BOP ija, idakana. Pa 7 Meyi adatsitsa chibokosi chachitsulo cholemera pafupifupi matani 100, kuti chivundikire potulukapo ndipo mafuta azikwera m'paipi mpaka m'sitima. Gasi atakumana ndi madzi ozizira aja adaundana ngati matalala, kutseka kukamwa kwa chibokosicho n'kuyamba kuchipepula. Adachikhazika pambali. Kenako adalowetsa kapaipi kakang'ono m'paipi yong'ambika, monga mmene munthu amakokera petulo m'thanki, ndipo kadakoka pang'ono chabe. Kumapeto kwa Meyi adayesa njira yomwe dziko lonse linkaidikira, yotchedwa top kill: kupopera matope olemera m'chitsime mwamphamvu kuti akankhire mafuta pansi, kenako n'kuthira simenti. Matope atayamba kuthawira kumwamba limodzi ndi mafuta, adawonjezamo mipira ya gofu, zidutswa za matayala ndi zingwe zomanga mfundo, kuti zikatseke mipata ya m'BOP. Sindikunena izi mowaseka. Mmisiri akasowa pogwira amagwira chomwe chili pafupi, ndipo ine ndidazilawa. Pa 29 Meyi adavomera kuti zakanika.

Kumayambiriro kwa Juni adadula paipi yopindika ija. Macheka adakanirira pakati, adamalizira ndi lumo lalikulu, n'kuikapo chipewa chomwe chinkakoka gawo la mafuta, ena akutulukabe m'mbali. Pa 12 Julayi adakhazika chitsekerero chatsopano pamwamba pa chakale, chomwe adachita kupanga m'kati mwa ngoziyo chifukwa padalibe chokonzeka kale. Pa 15 Julayi adatseka mavavu ake, mafuta adasiya kutuluka, atatha masiku 87. Chitsime adachilengeza kuti chafa pa 19 Sepitembala, chitsime chothandizira chomwe adayamba kuboola pa 2 Meyi chitakumana nacho pansi penipeni n'kuthiramo simenti.

Njirazi sizidali zatsopano. Mu Juni 1979 chitsime cha Ixtoc I cha kampani ya Pemex ya ku Mexico chidaphulika kummwera kwa nyanja yomweyi, pa madzi akuya mamita 50 okha. Nakonso adayesa chipewa chachitsulo, adaponyamo mipira yachitsulo ndi yamtovu, ndipo chidatsekeka mu Malichi 1980 ndi zitsime zothandizira. Padapita zaka 31, luso loboola lidatsika mpaka mamita 1,500 ndi kupitirira, luso lotseka lidatsala pomwe lidali. Kuboola kumalowetsa ndalama, kutseka kumangodya, ndiye palibe amene adathamangira kuphunzira kutseka.

Pa zonsezi, chomwe ndikufuna tichigwiritse ife a ku Tete ndi nambala. Masiku oyamba kudalengezedwa kuti mukutuluka migolo 1,000 patsiku. Mgolo wa anthu a mafuta ndi malita 159, choncho tinene kuti mathanki anayi a malita 40,000, aja timawaona akudutsa pa Moatize kulowera ku Zóbuè. Pa 28 Epulo nambala idakwera kufika migolo 5,000, mathanki 20, ndipo idakhala pamenepo mwezi wathunthu. Akatswiri a boma la America atayeza bwinobwino pambuyo pake, adapeza kuti poyamba munkatuluka migolo yoposa 60,000 patsiku. Amenewo ndi mathanki pafupifupi 240, tsiku ndi tsiku, akukhuthulira m'nyanja.

Nambala ya 5,000 adailengeza ndi a boma, koma boma lidalibe maso ake pansi pa nyanja. Maloboti, makamera ndi mageji, zonse zidali m'manja mwa BP, ndipo BP idaikakamira nambalayo pomwe mainjiniya ake m'kati ankawerengera zokwera kwambiri. Mkulu wa kampaniyo, Tony Hayward, adauza nyuzipepala pakati pa Meyi kuti nyanja ya Gulf ndi yaikulu kwambiri ndipo mafuta otayikawo ndi ochepa poyerekeza ndi madzi onse. Omwe adaswa nambalayo adali anthu akunja kwa kampani. Ian MacDonald wa ku Florida State University adayang'ana zithunzi za setilaiti n'kunena kuti mafuta oyandama pamwamba sakugwirizana ndi 5,000. BP itakakamizidwa kutulutsa kavidiyo ka masekondi 30, Steve Wereley wa ku Purdue University adayeza liwiro la mafuta m'kavidiyoko n'kupeza migolo ngati 70,000. Phungu wina wa nyumba ya malamulo, Ed Markey, adalimbikira mpaka kamera ya pansi pa nyanja idayamba kuonetsedwa pa intaneti usana ndi usiku, aliyense adziwonere yekha.

Chifukwa chokondera nambala yaing'ono sichovuta kuchiona. Nthawi imeneyo lamulo la ku America linkalipiritsa chindapusa pa mgolo uliwonse wotayika, madola 1,100, kapena mpaka 4,300 ngati padali kunyalanyaza kwakukulu. Woyeza adali yemweyo wolipira. Alimi a kwathu amaidziwa bwino nkhani imeneyi. Wogula akabwera ndi sikelo yake, thumba limapepuka panjira. Azakhali anga a ku Domué satulutsa nyemba asanaziyeze ndi lata yawo pakhonde, ndipo wogula akatchula makilo ake amangoti, "Mwananga, taikanso pa sikelo ya mnzakoyo tione." Sadapite patali ndi sukulu, koma sangalole kuti munthu mmodzi akhale wogula, woyeza ndi woweruza.

Wina anganene kuti nambala ndi nkhani ya maloya, chitsime amatseka ndi zitsulo. Apa ndi pomwe ndimatsutsa kwambiri. Mainjiniya adali atawerengera kale kuti top kill sikadatheka ngati mafuta akutuluka kupitirira migolo 15,000 patsiku, chifukwa matope akadangokankhidwira kunja. Pa 5,000 njirayo inkaoneka yanzeru. Pa 60,000 idali yolephera isanayambe. Chibokosi chija nacho mwina chidaundana msanga chifukwa gasi adali wochuluka kuposa momwe ankaganizira, ndipo sitima zolandira mafuta zomwe adakonza poyamba zidachepa. Mbedza imapangidwa molingana ndi kulemera kwa katundu yemwe wagwa m'dzenje. Ukauza wowotcherera kuti ndi paipi imodzi pomwe ndi zinayi, akupangira mbedza yomwe idzawongoke panjira, ndipo sabata ina yapita.

Pali kankhani kena ka usiku wa pa 15 Julayi komwe kamandisonyeza phindu lokhala ndi anthu ako odziwa kuyeza. Atatseka mavavu, geji sidakwere mmene ankayembekezera. Mantha adali oti chitsime chang'ambika m'kati ndipo mafuta aboola nthaka n'kutulukira malo ambirimbiri, komwe palibe chitsekerero chingathandize. Boma lidatsala pang'ono kulamula kuti atsegulenso. Katswiri wa madzi a pansi panthaka wa bungwe la boma la USGS, Paul Hsieh, adatumiziridwa chithunzi cha mzere wa geji chojambulidwa ndi foni, adachezera usiku wonse akuwerengera, ndipo m'mawa adasonyeza kuti gejiyo yatsika chifukwa mafuta ambiri adali atatuluka kale m'nthaka, chitsime chili bwino. Mavavu adakhalabe otseka. Adali wantchito wa boma, wolandira malipiro a boma, ndipo mawu ake adamveka chifukwa sadali ndi mgolo uliwonse woti alipire.

Mlandu suwola. Mu Novembala 2012 BP idavomera milandu 14, kuphatikizapo 11 ya imfa za anthu aja ndi umodzi wonamiza nyumba ya malamulo pa kuchuluka kwa mafuta. Mu Sepitembala 2014 woweruza Carl Barbier wa ku New Orleans adagamula kuti BP idanyalanyaza kwakukulu, n'kuipatsa magawo 67 pa 100 a mlandu, Transocean 30, Halliburton 3. Pa nambala, boma linkati migolo 4.19 miliyoni idalowa m'nyanja, BP inkati 2.45 miliyoni, woweruza adakhazikitsa 3.19 miliyoni. Onani kutalikirana kwake, patatha zaka zisanu akatswiri a mbali zonse akukangana. Mu 2016 khoti lidavomereza mgwirizano wa madola 20.8 biliyoni, ndipo zonse pamodzi ngoziyi idadyera BP madola oposa 60 biliyoni. Koma madzi akatayika sawoleka. Gombe la makilomita oposa 2,000 lidadetsedwa, ndipo pa nthawi ina dera lomwe asodzi adaletsedwa kuponya ukonde lidali lalikulu kuposa chigawo chonse cha Tete kuwirikiza kawiri.

Ndikudziwa funso lomwe likubwera: ife tili kumtunda, nyanja yamchere ili kutali, za ku Louisiana zikutikhudza pati? Yang'anani maina. Pa chitsime cha Macondo BP idali ndi magawo 65, kampani ya Anadarko ya ku America 25, ndipo kampani ya gulu la Mitsui la ku Japan idali ndi 10. Mu Febuluwale 2010, miyezi iwiri ngozi isanachitike, Anadarko yomweyo idalengeza kuti yapeza gasi pa chitsime cha Windjammer m'dera la Rovuma, kunyanja ya ku Cabo Delgado, ndipo Mitsui ili ndi magawo 20 m'dera lomwelo. Anadarko sindiyo inkaboola ku Macondo, izi tinene mwachilungamo, komabe idapereka madola 4 biliyoni kwa BP mu 2011. Mu 2019 gawo lake la ku Rovuma lidapita kwa kampani ya Total ya ku France. Chombo cha Coral Sul, chomwe kampani ya Eni ya ku Italy imayendetsa pa madzi akuya pafupifupi mamita 2,000, chidatumiza gasi woyamba mu Novembala 2022, ndipo wogula gasi yense wa chombocho ndi BP. Ndi nyumba imodzimodzi, ndipo nyanjayo ndi ya dziko lathu. Ndalama zake tidalonjezedwa tonse, a ku Tete omwe, kudzera m'thumba la Fundo Soberano lomwe lamulo lake lidavomerezedwa mu Disembala 2023. Woitanidwa ku nsima ali ndi ufulu wofunsa ngati nkhuni zili kutali ndi denga.

Ena ati ku Rovuma kuli gasi, osati mafuta akuda, ndipo akunena zoona. Gasi sapaka gombe phula ngati mafuta. Koma chomwe chidapha anthu 11 aja ndi gasi, ndipo chitsime cha gasi chikapulumuka amachitseka ndi njira zomwezi. Mu Malichi 2012 chitsime cha Total pa Elgin ku North Sea chidayamba kutaya gasi, anthu 238 adasamutsidwa, ndipo adachigonjetsa ndi matope olemera pakati pa Meyi. Kumeneko ndi pafupi ndi madoko a Scotland ndi Norway, kodzaza sitima ndi amisiri. Macondo itachitika, makampani a mafuta adapangiratu zitsekerero zingapo n'kuziika m'madoko anayi: ku Norway, ku Brazil, ku Singapore ndi ku Saldanha Bay ku South Africa. Ndi nzeru yabwino ndipo ndikuiyamika. Komabe Saldanha ili kumadzulo, kupitirira Cape Town. Chitsulocho chiyenera kuzungulira nsonga ya Africa n'kukwera nyanja yonse ya pakati pa ife ndi Madagascar, mpaka kugombe komwe namondwe Kenneth adagunda mu Epulo 2019 ndi Chido mu Disembala 2024, komwenso nkhondo idaimitsa ntchito ya Total mu 2021. Amereka pachimake pa ngozi yawo adasonkhanitsa anthu ngati 47,000 ndi mabwato oposa 6,000, ndipo adatenga masiku 87. Ife tikumbuke za pa Caphiridzange pa 17 Novembala 2016, pomwe thanki imodzi yokha ya mafuta idaphulika n'kupha anthu oposa 70, chigawo chonse chikusowa pogoneka opsa.

Dziko lopanda sikelo yake limadikira nthawi yaitali. Mu Ogasiti 2009 chitsime cha Montara chidaphulika pakati pa Australia ndi Indonesia, chidataya mafuta masiku oposa 70. Alimi a ndere za m'nyanja a ku Indonesia, okwana ngati 15,000, adati minda yawo ya m'madzi idafa. Adapambana m'khoti la ku Australia mu 2021, ndipo mgwirizano wa chipepeso udabwera mu 2022, patatha zaka 13. Mbali yaikulu ya mkangano idali yomweyi: mafuta adatuluka ochuluka bwanji, ndipo adafikadi kwa iwo?

Sitikufunikanso kupita kunyanja kuti tiione nkhaniyi. Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals pafupi ndi Kitwe ku Zambia lidagumuka, madzi a asidi adalowa mu Mwambashi kenako mu Kafue. Nsomba zidayandama, mzinda wa Kitwe udatseka mipopi, ndege za asilikali zidathira laimu mumtsinje. Nambala yoyamba idali malita 50 miliyoni. Kampani ya ku South Africa yomwe idapatsidwa ntchito yofufuza idati ndi matani oposa 1.5 miliyoni, eni mgodi adakana, ndipo adasiyana nayo. Kafue amathira mu Zambezi pafupi ndi Chirundu, Zambezi amalowa kwathu pa Zumbo n'kudzaza Cahora Bassa, komwe kumachokera kapenta ndi nsomba za Chicoa zomwe timadya mpaka ku Ulónguè. Msodzi wa ku Mágoè adayenera kukhulupirira nambala iti sabata imeneyo?

Kuno ku Moatize, komwe ndikukhala tsopano, mayi akayanika nsalu yoyera m'mawa, pofika masana ili ndi timadontho takuda, ndipo ufa woyanika pamkeka amauphimba ndi chitenje. Mu Okutobala 2018 anthu okhala pafupi ndi mgodi adafika polowa mumgodi n'kuimitsa makina chifukwa cha fumbi. Pamisonkhano yotere anthu amabwera ndi nsalu zakuda ndi chifuwa cha ana awo, mbali inayo imabwera ndi pepala la manambala, ndipo pepala ndi lomwe limapambana. M'zaka zonse ndakhala kuno sindidaonepo nambala ya fumbi la tsikulo itakhomedwa pamsika kuti mayi wogulitsa tomato aiwerenge.

Ndiye ndikupempha kuti boma likhale ndi maso akeake. Tili ndi INP yoyang'anira za mafuta ndi gasi, tili ndi AQUA yoyang'anira ubwino wa chilengedwe. Mabungwewa akhale ndi zida zawo ndi anthu awo, ndipo mageji a pazitsime ndi makamera a pansi pa nyanja azitumiza zomwe akuona ku ofesi ya boma nthawi yomweyo, osadzera pa desiki ya kampani. Izi zilembedwe m'pangano chitsulo chisanakhudze nthaka, chifukwa tsiku la ngozi maloya amafika msanga kuposa sitima. Achinyamata oti agwire ntchitoyi tili nawo. Instituto Superior Politécnico de Tete imatulutsa mainjiniya a migodi chaka ndi chaka, mayunivesite a UniZambeze ndi UniLúrio alipo, ndipo ambiri mwa ana amenewa akuyendetsa txopela podikira ntchito. Gawo laling'ono la ndalama za gasi lingathe kuwaphunzitsa, kuwagulira zida ndi kuwalipira bwino moti kampani isawakope ndi galimoto. Amereka adaphunzira mochedwa kuti ofesi imodzi singatolere ndalama za mafuta n'kumayang'aniranso chitetezo. Bungwe lawo la MMS, lomwe linkachita zonse ziwiri, adaligawa ngozi itachitika kale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mapulani a ngozi nawo atuluke poyera. Pulani ya BP ya ku Gulf of Mexico, yomwe boma lidavomereza, inkanena zoteteza nyama yotchedwa walrus, ya kumadzi oundana a kumpoto kwa dziko lapansi, yomwe m'nyanja yofunda ija mulibe. Inkatchulanso katswiri woti aitanidwe pangozi yemwe adali atamwalira mu 2005. Mu Juni 2010 aphungu adapeza kuti mapulani a makampani ena akuluakulu adali pafupifupi ofanana mawu ndi mawu. Padalibe amene adawawerenga. Msodzi wa ku Palma kapena mphunzitsi wa ku Mocímboa da Praia atapatsidwa pulani yotere m'chinenero chomwe amamva, angathe kuloza msanga pomwe palembedwa nsomba yomwe kwawo kulibe, kapena msewu womwe dzinja sudutsika.

Ndipo ndalama za chikole zisungidwe kuno, m'dzina la dzenjelo, kuti mwini akasintha zisapite naye. Ife a ku Tete taona migodi ikusintha manja ngati njinga ya kabaza. Rio Tinto idagula Riversdale ndi mgodi wa Benga mu 2011 pa madola oposa 3 biliyoni, n'kuugulitsa mu 2014 pa madola 50 miliyoni. Vale, yomwe idasamutsa mabanja oposa 1,300, ambiri mwa iwo ku Cateme ndi ku 25 de Setembro, idagulitsa mgodi wa Moatize kwa Vulcan mu 2022. Anthu a ku Cateme omwe adatseka njanji mu Januwale 2012 chifukwa cha nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka akadali komweko. BP idalipira chifukwa idali yolemera kwambiri ndipo idali m'dziko lomwe makhoti ake ali ndi mano. Chitsime chikamakalamba chimagulitsidwa kwa kampani yaing'ono, ndipo chitsulo chimachita dzimbiri nthawi yomweyo yomwe thumba la mwini wake likuchepa.

Ndamvapo akuluakulu akunena kuti tikachulutsa zofuna, eni ndalama athawira kwina. Ine sindikufuna kuti athawe. Ndili ndi ana a achimwene anga omwe akudya chifukwa cha ntchito ya m'migodi, ndipo ndikufuna gasi wa ku Rovuma agule mankhwala ndi mabuku. Koma gasiyo ali pansi pa nyanja yathu, sangasamuke, ndipo makampani omwewa amagwira ntchito ku Norway, komwe boma limawayang'ana mpaka m'thumba, osathawa. Kampani yomwe ingakane kuti boma lione geji yake yatiuza kale zomwe idzachite tsiku loipa.

Poyambira pasakhale patali. Madzi a Zambezi aziyezedwa pa Zumbo, pa Songo ndi pa mlatho wa Samora Machel, fumbi liziyezedwa m'mabairro a Moatize, ndipo woyeza akhale wolipidwa ndi boma kapena yunivesite. Zotsatira zake zisathere m'mafaelo a m'maofesi. Zizikhomedwa pamsika ndi pasukulu, ndipo Lolemba lililonse wailesi iziziwerenga m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, pamodzi ndi mitengo ya chimanga ndi uthenga wa maliro.